Mapointi a chifundo

Lachinayi madzulo, kwathu kuno ku Budiriro. Kunatentha tsiku lonse, mtima nawo sunakhale m'malo.

Ndili pamzere wa kumjigo ndinatsegula nkhani ya pafoni ija tinkakanganirana ndi achimwene Yamikani asanapite ku Joni. Mnyamata wa m'nkhaniyo akapha chinjoka, luso lake la lupanga limakwera. Lero wakhululukira mbala, basi amupatsa mapointi a chifundo. Zinandinyansa ngati kale.

Achimwene ankati, "Chavuta n'chiyani, Chisomo? Chifundo ndi luso ngati kusoka. Umayamba mokhotakhota, kenako dzanja limazolowera." Ine ndinkaumirira kuti wochita zabwino maso ali pamphotho ndi wamalonda chabe.

Ndikuwerenga choncho, anafika mayi Fatima a ku Tete, mwendo uli chitupire. Ndinawalowetsa patsogolo panga monyinyirika, poopa maso a anthu basi. Anati, "Mulungu akudalitse, mwana wanga." Nditawasenzetsa ndowa ndinaona kuti sakafika. Ndinawalandira, ndikuwaperekeza mpaka pakhomo, popanda wondituma.

Ndiye kuti ndinayamba ndi manyazi, ndikumaliza ndi mtima wonse. Mwina dzanja limazoloweradi.

Ndawalembera achimwene kuti, "Mwawina." Uthengawo sunafike. Foni yawo inazima chipitire Pasaka, ndipo amayi masiku ano amandifunsa ndi maso okha.

Sindikufuna kuti andiyamikire. Ndikungofuna aseke mokweza paja, anditche wophunzira mochedwa, kenako atembenuke dala n'kuyamba kuikira kumbuyo mfundo yanga yomwe ndaitayayo, kuti mkangano usathe, kuti tichezebe pang'ono...