Ndime Zosowa za Sisitere Cherubina

Lolemba, 3 Malichi
Bologna, mvula. Misa ya Sisitere Cherubina ndaipereka kwa a Gualtiero, otisindikizira mabuku. Nyimbo za limba, zolembedwa pamanja zaka mazana anayi zapitazo, maso anga atha ndi kuzikopera. Iwo kutsegulatsegula, ati, "Adokotala, theka linalo mwaiwala m'sitima?" Ndafotokoza ngati kwa mwana: palibe chosowa. Limba linkaimba ndime imodzi, masisitere n'kuyankha yotsatira ndi pakamwa, mosinthana choncho. Zapakamwazo ankazidziwa pamtima. Akanalemberanji?

Lachinayi, 6 Malichi
A Gualtiero ati anthu sagula buku la mano oguluka. Mphwawo Tancredi "atseka mipatayo". Tancredi! Wopeka tinyimbo totsatsira tchizi pa wailesi uja. Sukulu yonse ndinapitayi, kuti ndidzagawane tsamba ndi tchizi.

Lachisanu, 21 Malichi
Masamba oyesera afika. Ndime za Tancredi zalowa pakatipakati, popanda chizindikiro, zonse m'dzina la Cherubina. Pachikuto dzina langa, mkonzi. Ndikavomera, ndanamizira wakufa. Ndikakana, mayiyu abwerera m'kabati kukadyedwa ndi njenjete. Chakudya chamasana: mkwiyo ndi buledi wadzulo.

Lamulungu, 23 Malichi
Misa itatha ndapempha limba la kuparishi, kuti makutu anga atsimikize kuti n'zonyansa. Ndime zinayi za Tancredi n'zonyansadi, ndayamika Mulungu. Koma yake ya Sanctus ija, ya "Woyera, Woyera". Bambo Ermete, wansembe wathu, akuzimitsa makandulo, ati, "Sisitereyu anali ndi mtima, eti?" Madzulo ndadzipeza ndikuing'ung'udza potsuka mbale. Manyazi bwanji.

Lachiwiri, 25 Malichi
Ndawauza a Gualtiero maso ndi maso: za Tancredi zipite kumapeto m'dzina lake, apo ayi chotsani langa. Ndinavala ndi jekete labwino lomwe. Ati, "Mwatipeputsira ntchito, Adokotala." Achotsa langa.

Loweruka, 14 Juni
Buku latuluka. Pepala lokongola, zachisoni. Pamwambo wolikhazikitsa, m'tchalitchi, ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Pulofesa wina wa ku Padova, amene anandiphunzitsa ine kukayikira chilichonse, waimirira n'kunena kuti Sanctus ija yokha ikukwanira kumuika Cherubina pakati pa akatswiri. Manja m'tchalitchi monse. Tancredi maso pansi, makutu psuu.

Cherubina watchuka tsopano. Ndi zimene ndinkafuna, si choncho? Ndikadalankhula pomwe paja, bwenzi Cherubina atagwa limodzi ndi Tancredi. Ndipo pobwerera pansi pa makonde a m'misewu ya Bologna, ndani ankaiimbanso mluzu Sanctus ija?