Pepala la Emelda

Matero, Lusaka

Tiyanjane mng'ono wanga,

Kuno tili bwino, kungoti mvula yatilowera pang'ono m'khitchini. Alamu ako akupereka moni.

Kutchalitchi kwathu kwa a Mormon zinthu zasintha. Kale mphunzitsi ankangolankhula, achinyamata n'kumamvetsera. Tsopano amawatuma kukafunsa mafunso kunyumba. Sabata ino awapatsa pepala loti alembepo mayina a makolo awo mpaka agogo.

Emelda wakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ndipo amaseka ngati iwe. Dzulo anandipatsira pepalalo, amvekere, "Ba mami, lembani ndimwe, bakamba kuti tisaphonye dzina olo limodzi." Ndinamuuza kuti bolopeni yatha inki.

Akuyenera kukalipereka Lamlungu. Pamzere wa mayi paja, ndilembe dzina langa, kapena ubwera wekha kudzalembapo lako, poti unamubala ndiwe?

Ine mkulu wako,
Magdalene