Tsamba Limene Ndinachotsa

14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Lachiwiri lapitali mlamu wanu, mkazi wangayu, anakaonekera ku komiti ija, ndipo sanadutse. Amuuza kuti abwerenso mu Febuluwale. Kupatula zimenezo tili bwino, mwana wayamba kuyenda chogwira mipando. Kaya inu kumeneko.

Ntchito yake ya ubusa wa kuchipatala mukuidziwa, yoyendera odwala m'mawodi. Zaka zitatu izi wakhala akuphunzira kuti akhale supavaiza, wophunzitsa abusa ena ntchito yomweyo. Akadutsa, chipatala chimulemba ntchito yokhazikika. Akalephera kachiwiri, malowo apatsa wina, ifenso tituluka m'nyumba ya chipatala ino. Komitiyo ndi anthu asanu, ndipo za m'Baibulo safunsa ayi. Munthu amawalembera mbiri ya moyo wake, iwo amawerenga, kenako amamukhazika pakati n'kumamufunsa za mumtima. Akuti sungaphunzitse ena kukhala pambali pa wolira ngati iwe mwini umabisa pamene pakukupweteka.

Kutatsala sabata ziwiri anandituma kukachita fotokope mapepalawo ndi kukawasiya ku ofesi, popeza malo a fotokope ali pafupi ndi pamene ndimawotcherera zitsulo. Ndinapeza magetsi atazima, ndiye podikira ndinayamba kuwerenga. Kuwerenga kwanga mukukudziwa, kwa chala pamzere, koma tsamba lachisanu ndi chiwiri ndinalimva lonse. Analembapo za mwana wathu woyamba uja amene anamwalira. Akuti tsiku limene tinabwerera chimanjamanja kuchokera kuchipatala, ine ndinapita kukamaliza geti la munthu, ndipo mpaka lero mwanayo sindinamutchulepo. Analembanso kuti nthawi zina amandikwiyira koma sandiuza.

Achemwali, ine ndinaona kuti za m'nyumba si zopatsa alendo asanu. Ndinalichotsa tsambalo, ndinalipinda n'kuliika m'thumba la ovolo. Magetsi atayaka, mayi wa pamakina anati, "Bambo, manambalatu adumpha apa, sikisi kenako eyiti." Ine ndinati, "Ingokopani, mwini wake ndi wophunzira kuposa ife tonse awiri."

Za ku komiti ndikulemba monga anandifotokozera. Wapampando, mayi wachikulire, anati, "Mwatiuza za sukulu, za ukwati, za odwala anu. Nanga inuyo munalirapo liti?" Mlamu wanu anati zili pa tsamba lachisanu ndi chiwiri. Onse asanu anavundukula mapepala, tsambalo kulibe. Akanatha kungofotokoza pakamwa, koma akuti atazindikira amene analichotsa, anangoti mwina makina analiphonya, n'kuyamba kuyankha za m'mabuku. Iwo analemba kuti ntchito amaidziwa koma sanakonzeke kudzionetsa.

Atafika kunyumba ndimayembekeza phokoso, koma ayi. Anagoneka mwana, anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nane monga amachitira ndi odwala.

"Bambo a mwana, tsamba lija lili kuti?"

Ndinamupatsa, lili ndi zala za girizi.

"Mutaliwerenga munamva bwanji?"

"Ndinamva kuti magetsi akuchedwa."

Sanaseke. Anthu awa anawaphunzitsa kudikira, Achemwali. Anandidikira mpaka ine ndinayamba kuwerenga misomali ya m'denga. Ndinati ndikakonze chitseko cha kubafa, iye anati chitseko sichithawa. Kenako anati mu Febuluwale tsambalo libwerera m'malo mwake, koma sakufuna kulitumiza mondibisira. Ngati pali chimene analemba molakwa za tsiku lija, ndimuuze akonze. Ngati sindifuna n'komwe kuti lipite, ndinene pamaso pake, osati ndi thumba la ovolo.

Ndinamuuza kuti lipite. Nyumba tikuifuna, ndipo zaka zitatu si zotaya. Vuto ndi lakuti zolakwa kapena zoona sindingamuuze, chifukwa tsikulo sindilikumbuka bwino. 

N'chifukwa chake ndalemba. Inu munalipo kuchipatala kuja kuyambira m'mawa. Mundilembere zonse mwandondomeko: anatiuza ndani, ine ndinaima pati, ndinanena chiyani ngati ndinanenapo kanthu. Musaimbe foni. Mulembe, zilembo zikuluzikulu, kuti ndiziwerenga pang'onopang'ono ndekha ndisanakhale naye pansi. Chachiwiri, sabata ya komiti mudzabwere mudzatigwirire mwana. Mapepala ulendo uno akasiya yekha, ine ndidzangomuperekeza mpaka pakhomo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi muwauze kuti mpongozi wawo akupitiriza maphunziro, zokwanira n'zomwezo. Ndipo ngati mukukumbukira, mulembenso kuti mwana woyamba uja anafanana ndi ndani. Namwino anandiitana kuti ndidzamuone, koma ine sindinayang'ane.

Ndine mlongo wanu.