Tambala wa Bambo pa Msewu 66

Burbank, California
9 Okutobala 1978

Mlongo wanga Verna,

Uli bwanji iwe ndi alamu anga a Hoyt? Nanga Amayi, miyendo ija ikutupabe? Uziwaletsa kukhalitsa pakhonde, paja mwezi uno mphepo ya kwathu ku Oklahoma siichita manyazi. Ine chifuwa chija chinatha. Ntchito ndi yomwe ija, kukoka mawaya a magetsi kwa anthu opanga mafilimu, ndipo msana wayamba kundikumbutsa zaka zanga.

Kuno msewu wathu watchuka koopsa. Ukatsegula wailesi, wina akuimba za Msewu 66. Ukalowa m'sitolo, nambala yake ili pa malaya ndi pa makapu. Mnzanga wa kuntchito, Dario, akuti ndine wamwayi pokulira m'mphepete mwa msewu wa ufulu. Ndinamufunsa ngati anatsukapo mbale za madalaivala makumi anayi asanapite kusukulu. Anaseka, akuti ife a kufumbi la ku Oklahoma timadandaula ngakhale atatiika m'nyimbo. Sindinamuuze kuti chitsegulireni msewu waukulu watsopano wolambalala kwathu uja, pa wathu pamangodutsa agalu ndi udzu wouma.

Kalata yako ndinalandira. Ukuti filimu ija ifika ku holo ya m'tauni Loweruka pa 28, Amayi asita kale diresi yabuluu ndipo auza azimayi onse a kutchalitchi. Verna, nditawerenga pamenepo ndinakhala pansi.

Ukukumbuka chaka chatha mmene ndinatsitsira chikwangwani cha Bambo padenga la lesitilanti yathu. Tambala wofiira wa timachubu tagalasi toyaka, wojompha katatu n'kudzutsa mutu, dzina la Bambo, Doyle, lili pansi pake. Malemu ankati dalaivala akangomuonera patali, njala imayamba yokha. Amayi ndiwo ankamuyatsa dzuwa likamalowa, zaka makumi awiri ndi ziwiri, mpaka tsiku limene tinatseka. Nditawapempha tambalayo kuti akaoneke mu filimu, Amayi anandikaniza kawiri. Ine ndi pakamwa pangapa ndinawanyengerera kuti tambala akungodyeka ndi dzimbiri, koma ndikapita naye dziko lonse limuona akuyaka, ndipo ndidzamubweza atakonzedwa. Anandifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati ndidzamusamala. Ndinalumbira.

Ndisazungulire. Tambala uja kulibe.

Ndinamukonza milungu itatu, kuchotsa dzimbiri, kuika timachubu tatsopano. Tinapita naye kuchipululu kumene opanga filimu anamangako lesitilanti yabodza, khoma lakutsogolo lokha, kumbuyo mitengo yochirikiza. Dzuwa litangolowa ndinamuyatsa. Anajompha, Verna! Katatu, ndendende ngati kale. Ndinachita kumva fungo la khofi ndi anyezi wa Amayi. Anthu anaomba m'manja, mkulu wa filimuyo n'kundisisita paphewa, akuti nkhuku yangayo yaposa osewera ake onse. Ndinanyada, ndisaname.

Cholakwa changa n'chakuti sindinawerenge mapepala a nkhani ya filimuyo. Ife amagetsi sitiwerenga zimenezo, timangofunsa kuti tiyatse pati ndipo nthawi yanji. Tsiku lachitatu ndinaona akumangirira zitsulo kutsogolo kwa galimoto, dalaivala wake wavala chisoti. Nditafunsa Dario, anandiyang'ana ngati ndagwa kumwamba. Akuti kodi sindikudziwa kuti akuba othawa apolisi agunda mzati wa chikwangwani?

Ndinathamangira kwa mkulu uja. Ndinamupempha kuti andipatse masiku awiri ndipange china chofanana. Anati chabodza sichithetheka ngati chenicheni, anthu makumi asanu akudikira, ndipo dzuwa silidikira nkhuku ya munthu. Anandikumbutsanso kuti ndinasaina pepala lopereka chinthucho m'manja mwawo. Kenako anandiuza kuti ndiyatse.

Pamenepa ndi pamene pamandiwawa kwambiri. Ndikanatha kukana. Ndikanatha kuzula waya n'kulola kuti andichotse ntchito. Koma ndinayang'ana anthu onse aja, ndinaopa kuoneka mbuli ya kumudzi, ndipo ndinayatsa ndi dzanja langa. Galimoto inagunda mzati, tambala n'kuphwanyika. Anajambula kamodzi kokha, aliyense akukondwa kuti zatheka bwino. Ine ndinatola chilembo choyamba cha dzina la Bambo, chopindika, ndipo chili pansi pa bedi langa. Chaka chonse ndakhala ndikulembera Amayi kuti tambala ali mosungira katundu. Ndawanamiza, ndipo ndikuchita manyazi.

Tsono pempho langa ndi ili. Filimuyo ndaionera kawiri, wotchi ili m'manja. Tambala amaoneka pakatha mphindi makumi asanu. Mtsikana akutsika basi, kumwamba kuli psuu, tambala akujompha pamwamba pake, dzina la Bambo likuwerengeka bwinobwino. Amakhala mphindi yathunthu. Pamenepo uwasiye Amayi aone, usawayankhule. Kenako mtsikanayo amalowa mkati n'kuika nyimbo, gitala n'kuyamba kulira. Ukangomva gitalayo, watsala ndi mphindi zinayi galimoto isanagunde mzati.

Udwale, Verna. Mutu, m'mimba, chilichonse. Paja luso limeneli uli nalo, unkadwala nthawi iliyonse mbale zikachuluka n'kundisiyira ine. Amayi sangakhale pansi mwana wawo akubuula, atuluka nawe basi. Mukakhale kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo, ndipo a Hoyt asaimike galimoto patali.

Ndikudziwa kuti uti n'zopusa, chifukwa azimayi a kutchalitchi aonera mpaka kumapeto, ndipo pakamwa pa mmodzi wa iwo, Mayi Oleta, sipatsekeka. Ndaganizira zimenezo. Ndapempha tchuthi, ndikwera basi, ndifika Lamlungu m'mawa mapemphero asanayambe. Amayi ndikawauza ndekha pakhonde, chilembo chija chili m'manja. Akandikalipira kapena kundithamangitsa, zonse n'zondiyenera. Sindikukupempha kuti undibise. Ndikungofuna kuti amuone kaye akuyaka kamodzi, agone usiku umodzi akumwetulira, asanamve zimene ndinachita.

Undiperekere moni kwa alamu anga, kwa ana ako onse atatu, kwa amalume a Buell ndi kwa azakhali ngati makutu akugwirabe ntchito. Kalatayi usawawerengere Amayi. Ungowauza kuti ndili bwino, ndipo ndati avale diresi yabuluu ija.

Ndine mlongo wako wosamva uja,
Orval