Kwa Ammachi, Kondakitala Amene Anakalowa M'nyumba ya Malamulo

THRESIAMMA KURIAKOSE
wa ku Chembanpara

Ammachi, mayi wathu wokondedwa, lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni. Takangana sabata yathunthu posankha chithunzi choika pamwambapa. Mathukutty, mwana wanu wamwamuna, amafuna chija munajambulitsa tsiku lolumbira, mutakhala mwaulemu ngati munthu wosadziwa kukalipa. Ine Leelamma, mwana wanu woyamba, ndinakana. Taika ichi chimene mukuseka mano onse pamtunda, ambulera ili m'khwapa, chifukwa umu ndi mmene anthu a kumapiri kuno amakukumbukirani.

Munayamba ndi basi imodzi. Munagulitsa zibangili zanu zagolide ndi kamunda ka tsabola kamene makolo anu anakupatsani pokwatiwa, n'kugula chibasi chakale chimene chinkatsokomola pachitunda chilichonse. Appachan, bambo athu, anakhala pachiwongolero, inu n'kukoleka chikwama cha matikiti. Masiku amenewo kunalibe mkazi wogwira ukondakitala msewu wonse uno. Basi ikaima, azibambo ocheza pakanyumba komwera tiyi ankakuwira Appachan, "Kuriakose, nanga kunyumba akuphika ndani?" Inu munkasuzumira pawindo n'kuyankha, "Akazi anu, achimwene. Akuti inu mumangoswera pano, ndiye chakudya chimatsala." Pasanathe mwezi onse anasiya, ena n'kuyamba kukusungirani tiyi wotentha. Pamene ife tinkamaliza sukulu, mabasi anali atakwana asanu ndi imodzi, onse abuluu, onse olembedwa dzina loti Mariya pamphumi. Munkatha kukhala kukhitchini, n'kumva injini ikulowa mugalaja, n'kunena kuti ndi basi iti ndipo yadwala chiyani.

Zandale sizinali m'mutu mwanu. Chaka china mvula inagumula phiri n'kutseka msewu wopita kumidzi ya kumtunda, anthu n'kukhala milungu iwiri opanda mpunga, opanda mankhwala. Simunadikire kuti wina abwere kuchokera kutauni. Munasonkhanitsa madalaivala, makondakitala ndi amayi akutchalitchi, aliyense ndi khasu lake, mpaka njira inatseguka. Patapita miyezi ingapo, akuluakulu achipani anafika kwathu atavala zoyera zositasita. Anakhala pakhonde n'kuyamba kunyengerera Appachan kuti aime pachisankho cha phungu wa dera lathu. Appachan anamvetsera mpaka anamaliza, kenako anati, "Abwana, ine chimene ndimadziwa ndi giya basi. Munthu amene mukumufunayo ndi uyo wanyamula khofiyo." Inu munatula makapu patebulo n'kunena, "Imwani kaye, zinazo tikambirana." Anachoka madzulo atavomera zonse zimene munawauza, ndipo chisankho munapambana.

Nkhani ya tsiku loyamba kulankhula m'nyumba ya malamulo kulikulu ku Thiruvananthapuram zidzukulu zanu zimaidziwa pamtima. Mutangoimirira, phungu wina wa mbali inayo, mkhalakale pandale, anakuwa, "Kodi kondakitalayu akufuna chiyani muno?" Simunamuyang'ane n'komwe. Munati, "A Sipikala, ntchito imeneyo ndaigwira zaka makumi awiri. M'basi, wosokosa kwambiri amakhala uja alibe tikiti." Nyumba yonse inafa ndi phwete, iyenso pamodzi. Bambo ameneyo anadzakhala mnzanu, ndipo pamaliro anu analira kuposa ena a ife.

Khonde lathu linasanduka ofesi. Tinkadzuka n'kupeza anthu atandanda kale mpaka kumpanda, uyu za madzi, uyu za malire a munda, uyu mwana wake wakanizidwa malo kusukulu. Simunkalola munthu kuyamba dandaulo asanamwe khofi wakuda. Kope munalibe. Nkhani ya aliyense munkailemba kuseri kwa matikiti akale, n'kumanga ndi labala, n'kupita nawo kulikulu m'chikwama chomwe chija chaukondakitala. Alembi a m'maofesi akangoona chikwamacho ankadziwiratu kuti tsikulo sapuma.

Koma chimene tikufuna kukuthokozerani lero ndi nkhani ya atsikana a kuminda ya tiyi, ngakhale kuti panthawiyo inatsala pang'ono kutigawanitsa. Ana a antchito othyola tiyi ankayenda maola awiri wapansi kupita kusekondale, ndipo atsikana ambiri ankangosiyira panjira. M'mabasi anu munkawakweza ulere, koma ammawa anali awiri okha, ndipo eni mabasi ena ankawadutsa pasiteji ngati sakuwaona. Ndiye munaimirira m'nyumba ya malamulo kupempha kuti mabasi aboma, amene ana asukulu amalipira pang'ono, ayambe kuyenda msewu wathu. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Mabasi aboma akabwera, okwera athu apita nawo.

Mathukutty, amene panthawiyo ankayendetsa bizinesi, anamva nkhaniyi pawailesi. Loweruka mutafika anakuchingamirani pakhomo. "Ammachi, mukudziwa kuti mukupha mabasi anu omwe? Mabanja makumi atatu amadyera pamenepa!"

Munavula nsapato, n'kukhala pansi. "Ndikudziwa, mwana wanga. Koma anthu aja sanavotere mabasi anga. Anavotera ine."

Tsiku lomwelo Mathukutty anasamukira kwa apongozi ake. Kugalaja ankabwera, koma pakhomo panu sanapondepo miyezi itatu, ndipo ine ndinkakuonani mukumuikira mbale patebulo Lamulungu lililonse, kenako n'kuibwezera mukabati mwakachetechete. Pempho lanu linavomerezedwa. Tinagulitsa mabasi anayi. Dalaivala aliyense ndi kondakitala aliyense wotsala munamufunira ntchito nokha, khomo ndi khomo, ena kumabasi aboma, ena kumalole onyamula tsabola ndi tiyi. Palibe amene anakhala pakhomo.

Tsiku limene basi yoyamba yaboma inakwera phiri, mudzi wonse unali pamsewu. Munaiveka nkhata yamaluwa, n'kukwera, n'kugula tikiti ngati wina aliyense, n'kukhala pakati pa atsikana ovala yunifolomu. Titangonyamuka tinaona Mariya ikutitsatira m'mbuyo, Mathukutty ali pachiwongolero, okwera atatu okha. Ine ndinkati wabwera kudzachita chipongwe. Koma iye anayamba kuliza hutala ngati akuperekeza mkwatibwi, ndipo sanasiye mpaka pamphambano ya ku Chembanpara. Atatsika anaima patsogolo panu, maso ali pansi. "Ammachi, kunyumba kuli chinangwa ndi nsomba?" Inu munati, "Zilipo. Koma ukayambe wasamba, ukununkha dizilo." Mlandu unathera pomwepo.

Chisankho chotsatira munagwa. Eni mabasi ena anagwirizana n'kuima kumbuyo kwa wopikisana nanu, ndipo anakupambanani ndithu. Ife tinalira. Inu munadya mpunga mbale ziwiri, ndipo mmawa wake munali mugalaja kukalipira makaniko kuti wamanga molakwika mabuleki. Patatha zaka zisanu munaimanso. Atsikana aja anali atakula, ali ndi makadi ovotera, ndipo anatsika kuminda ya tiyi atagwira amayi awo ndi azakhali awo pamkono. Munapambana ndi mavoti ochuluka moti owerengera anabwereza kawiri. Ulendo umenewo ndi umene munabweretsa chipatala chaching'ono cha kumtunda ndi mlatho wa pamtsinje wa kumunsi kwa tchalitchi. Atakupemphani kuti muimenso kachinayi munakana, munati mawondo avota kale.

Munachoka monga munkakhalira, mmawa, pakhonde, mutangomaliza kumvetsera mayi wina wodandaula za penshoni yake. Tikukudziwitsani kuti penshoniyo inatuluka. Mathukutty anaitsatira mpaka kumapeto.

Tonse tilipo, Ammachi, ndipo tikukusowani. Mng'ono wanu Aleyamma amaimbabe foni kuchokera ku Kottayam n'kuyamba kufunsa ngati mwadzuka, kenako n'kukumbukira kuti munatisiya. Mabasi awiri otsala aja akuyendabe, ndipo Mathukutty wamera imvi. Selvi, mmodzi wa atsikana a m'basi yoyamba ija, tsopano ndi mphunzitsi wamkulu pasekondale yomwe ija, ndipo chaka chilichonse amabwera ku Misa yanu ndi ana ake asukulu, ngakhale kuti si wa mpingo wathu. Mdzukulu wanu Rosily wabereka mwana wamkazi wa mawu aakulu, ndipo sitinavutike kufuna dzina.

Appachan akwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zinayi. Amadya bwino, amamva akafuna. Mwezi watha, tili patebulo tonse, anaika supuni pansi n'kunena kuti ali ndi tchimo limene sanaululepo ngakhale kwa wansembe. Tinaleka kudya.

"Chisankho chija anagwa amayi anu," anatero, "ine ndinavotera winayo."

Mathukutty anatsamwa ndi madzi. Ine ndinati, "Appachan, inu?"

"Nanga ndikanatani? Zaka zisanu mkazi wanga ali kulikulu, akabwera khonde ladzaza anthu. Kuti ndilankhule naye ndinkachita kukhala pamzere. Ndinkangofuna abwerere kunyumba."

Tinawafunsa ngati inu munadziwa. Anaseka mpaka misozi. Akuti munawaona nkhope potuluka movotera, ndipo pobwerera munawauza kuti, "Bambo inu, voti ndi yanu, sindikufunsani. Koma ulendo winawo ndidzakuperekezani mpaka pakhomo." Akuti munaterodi, munawagwira dzanja anthu onse akuona, n'kuima panja kuwadikira. Titafunsa kuti ulendo wotsatirawo anavotera ndani, anati chinsinsi chimenecho adzakuuzani okha mukadzakumana.

Pumani mumtendere, Ammachi. Pakhomo pano dzina lanu limatchulidwa tsiku lililonse, kawirikawiri tikuseka, ndipo silidzachoka pakamwa pathu.

Ndife amuna anu Kuriakose, ana anu Leelamma ndi Mathukutty, mng'ono wanu Aleyamma, zidzukulu, ndi onse ogwira ntchito kumabasi a Mariya.