Bambo Ake Asadutse M'waya

San Jose,
mwezi wakhumi wa kwathu, 1998

Chun-tho mng'ono wanga,

Amene akundilemberawa ndi mayi Kang, aja tinadziwana kukachisi, a ku Tainan kwathu ku Taiwan, anali anamwino kale. Ndawauza kuti alembe mmene ndikulankhuliramu, asakometsere. Mpongozi wanga Hui-chuan amalemba bwino, koma nkhaniyi ikukhudza mwamuna wake, ndiye sindingamugwiritse cholembera.

Uli bwanji? Bondo lija likukulola kupita kumsika? Adyo mwabzala? Ine thupi lili bwino, koma mtima sukukhala pansi. Ndikakhala ndikufuna kuimirira, ndikaimirira ndikufuna kukhala. Dzulo ndinakolopa khitchini kawiri.

Kalata ya alamu anga a Thiam-hok inafika. Akuti madzi a m'munda wa mpunga alowa m'manda a malemu amuna anga, bambo ake a Tsung-yao, ndipo woona masiku wasankha tsiku m'mwezi wakhumi ndi chiwiri loti tifukule, titole mafupa, tiwaike mumtsuko. Akuti tikaphonya limeneli, chaka chamawa n'chosayenera banja lathu. Ine ndinkadziwa kale. Ndawalota atavala malaya onyowa, akungondiyang'ana osalankhula, monga ankachitira ndikapsereza mpunga.

Ndiye mwana wako uja, Tsung-yao wangayu, akuti sapita.

Ndikufotokozere, usamutukwane usanamve. Ukukumbuka kuti Tsung-yao ndi anzake anali ndi kakampani kawo kopanga mabokosi aja olondolera mauthenga a makompyuta. Kamezedwa. Kuno kuli kampani yaikulu ya mabokosi omwewo, imene siidikira kulima yokha. Ikangoona kuti munda wa mnzake wabiriwira, imagula mundawo, makasu, ndi olima omwe. Mwezi uliwonse imameza kamodzi, mwina tiwiri. Ndinamufunsa kuti nanga agula chiyani poti bokosi lanulo simunalimalize n'komwe? Iye n'kudzigogoda pamutu, ati agula ichi, Amayi. M'mawa mwake anabwera ndi chiphaso chatsopano pakhosi ndi malaya olembedwa dzina la eni akewo, ngati mkwatibwi amene walowa kwa apongozi.

Anawapatsa mapepala amene akuti masheya. Koma mapepalawo sapsa tsiku limodzi, amapsa pang'onopang'ono kwa zaka zinayi, ukachoka msanga umasiya osapsawo. Ine ndati ndiye ndiwe ng'ombe yomangidwa ndi udzu womwe ikudyawo. Anaseka. Sindimaseketsa ine.

Nyumba za kampaniyo zikumera ngati bowa kumene kunali minda ya zipatso, zonse nkhope imodzi. Tsiku lina tinamutengera chakudya ndi Hui-chuan, tinazungulira mpaka msuzi unazizira. Ndipo ukudziwa? Fakitale alibe. Amene amawapangira mabokosiwo ndi anthu ena, ena mwa iwo ndi a kwathu ku Hsinchu komweko. Bokosi likutha kupita ku Taiwan n'kubwerako, mwana wanga ayi.

Bwana wake anabwera kudzadya kuno. Mzungu wamtali, dzina lake Garrett, woseka ndi mano onse. Ndinaphika bakha. Anayamba kulalikira, Hui-chuan akundimasulira. Akuti kutsogoloku foni, wailesi, chithunzi, zonse zizidzayenda m'waya umodzi, ndipo amene ayambe kugulitsa bokosi kwa a kampani za mafoni ndi amene adzadye mpaka kalekale, chifukwa wogula akazolowera bokosi lako sasinthanso. Akuti kuli kampani ina kum'mawa kwa dziko lino imene ikupanga bokosi lofanana ndi la Tsung-yao, ndiye lathuli liyenera kutuluka chaka chisanathe. Akutinso Tsung-yao akangochoka ngakhale sabata imodzi, anyamata ake amwazikana, poti makampani ena akuwaimbira foni tsiku ndi tsiku kuwanyengerera. Ine ndati umufunse mzunguyu ngati ali ndi bambo. Hui-chuan analankhula Chingerezi chake, mzungu uja n'kumwetulira, n'kundipatsa mbale kuti ndimuonjezere mpunga. Ukuona mmene amandimasulira pakhomo pano?

Mayi Kang akuseka. Lembani, mayi, musaseke.

Tsopano imva zimene mwana wako waganiza. Akuti Amayi musadandaule, ndidzakhalapo, koma osakwera ndege. Watumiza kale katundu kwa Chih-ming, mwana wa alamu anga uja amakonza mawailesi. Muli kompyuta ndi kamera. Akuti Chih-ming adzakoke waya wa foni kuchoka kukachisi wa mulungu wa nthaka mpaka kumanda, aimike kamerayo pamwamba pa dzenje, ndipo iye kuno adzatseke chitseko cha ofesi, ayatse lubani, agwade patsogolo pa galasi la kompyuta. Ankalankhula maso akuwala, Chun-tho, ngati tsiku lija anakhoza mayeso a ku yunivesite. Ati ntchito yathu yonse ndi imeneyi, Amayi, kuti munthu asamayendenso.

Ndati nanga ambulera adzagwira ndani? Iwe ukudziwa, bokosi la maliro likatsegulidwa, mwana wamwamuna woyamba ndi amene amaphimba bambo ake ndi ambulera yakuda kuti dzuwa lisawaone. Ati Chih-ming angagwire m'malo mwanga. Ndati ndi dzanja liti, lomwe lagwira kameralo?

Lamlungu anandiitana kuti ndione akuyesa. Pagalasi panatuluka nkhope ya Chih-ming, ali pakhonde kwawo. Nkhopeyo inkadumphadumpha ngati nkhuku yodulidwa mutu. Kenaka inauma, kukamwa kuli yasa, theka la mutu palibe. Ndinafunsa kuti mbali inayo yapita kuti. Apa ndi pamene anandifotokozera, monyadira ndithu. Akuti chithunzi sichiyenda chathunthu. Mabokosi awo aja amachiduladula tizidutswa ting'onoting'ono, kalikonse n'kutenga njira yake, kena kudzera ku Japan, kena pansi pa nyanja, kena m'mabokosi a anthu amene sitikuwadziwa, n'kudzakumana kuno. Ndati nanga kena kakasochera? Ati zimachitika tsiku lililonse, Amayi, bokosi likadzaza limangotaya, palibe vuto.

Palibe vuto! Chun-tho, iwe unalipo pamene tinkatola mafupa a amayi athu. Unaona mmene mkulu wotola mafupa uja anasefera dothi ndi sefa kufuna kafupa kamodzi ka chala, ife tili chiimire padzuwa, osalola kuti mtsuko utsekedwe mpaka kapezeke. Timafukula munthu kuti timusonkhanitse, akhale wathunthu, kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Ndiye mwana amene ndinabereka ine akufuna bambo ake, ali maliseche opanda ndi mnofu womwe, awaduledule, awamwaze m'nyanja, ena atayidwe ku Japan chifukwa bokosi ladzaza.

Ndinamuuza zimenezi. Ati Amayi, si bambo amenewo, ndi chithunzi chabe. Ndati chabwino, ngati ndi chithunzi chabe, iwe udzagwadira chiyani? Hui-chuan anati apongozi, tiyi wazizira. Ndati msiyeni azizire.

Usaganize kuti ndi mwana woipa. Wawonda. Amadya ataimirira, foni ili pakhutu. Tsitsi layamba kuthothoka pakati pamutu ngati bambo ake. Anyamata aja anawatenga yekha m'makampani ena, ena ali ndi ana akhanda, ndipo akuti akawasiya pano bokosi n'kulephera, kampani yaikuluyo imangotseka gulu lonse n'kukagula kwina, poti kugula ndiko imadziwa. Ndikumumvetsa. Koma kampaniyo yameza tambirimbiri ndipo ikumezabe. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ikagwa idzamupeza wina woti aigwirire ambulera. Bambo ake ali ndi iye yekha.

Dzana m'mawa ndinamudikirira pagalimoto. Ndati Tsung-yao, ine ndikupita, mayi Kang andithandiza za tikiti, ndege ndikwera ndekha, pakamwa ndili napo. Ati Amayi simudziwa ndi kuwerenga komwe zikwangwani. Ndati ndinakulera osawerenga chikwangwani. Anatsegula chitseko cha galimoto, kenaka ati ndipatseni mpaka Lachisanu, ndilankhule ndi Garrett. Lachisanu limeneli ndalimva chiyambire chaka chino. Kwa dokotala wa maso, Lachisanu. Kukonza mpopi, Lachisanu.

Ndiye pempho langa ndi limodzi, ndipo ndikutuma iwe chifukwa alamu anga amakuopa. Pita kwa a Thiam-hok. Uwauze kuti tsiku lisasinthe, munthu wagona m'madzi mokwanira. Katundu uja Chih-ming amubwezere m'katoni, amange, aike pamwamba pa kabati. Waya usafike kumanda. Tsung-yao akaimba foni kufunsa, anene kuti amayi ako akana, asanamizire mvula kapena magetsi. Akafuna kuona bambo ake, njira ndi imodzi, yomwe anabwerera kuno.

Ndipo uwauze kuti Chih-ming akonzeke. Ndikudziwa tanthauzo lake, usandiuze. Mudzi wonse udzaona mwana wa mng'ono wawo wa malemu atagwira ambulera pamene mwana wa mwini manda ali moyo, ndipo adzanena mpaka adzukulu kuti ife a Hung tinaphunzitsa mwana mpaka kumutaya. Mawu amenewo adzandipweteka ine kuposa iye, poti iye sadzawamva. Koma kuli bwino mwana wanga achite manyazi kusiyana n'kuti bambo ake apse ndi dzuwa.

Udzandichingamire pa siteshoni ya Touliu, tsiku ndidzakuuza pafoni. Ukadzaona ndikutsika ndi mwana wako wamtali uja atanyamula zikwama, usadzamunene kanthu, udzangomupatsa chakudya. Ukadzaona ndikutsika ndekha, usadzandifunse pamaso pa anthu. Udzangondilandira chikwama.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze achepetse fodya. Moni kwa alamu anga ndi akazi awo, kwa Chih-ming, amene sanalakwe kanthu, wangotumidwa, ndi kwa ana ako onse ndi adzukulu. Kwa azakhali athu a ku Peikang, ngati akumvabe, uwakuwire m'khutu kuti ndikubwera.

Mayi Kang akuti dzanja lawo likadali ndi mphamvu, koma ine ndatopa, msana wayamba. Lero ndi Lachinayi. Ndikagone kaye.

Ndine mkulu wako,
Kim-hioh