Mano a M'mbali mwa Tayala

Lamlungu, 2 Febuluwale

Mvula kuyambira m'mawa. Masana wabwera Kamphepo, mwana wanga yekhayo. Dzina limeneli anamupatsa ndi amake. Walipira kale malo ogona kuphiri kuja tinkapita chaka ndi chaka tili atatu. Koma ulendo uno akuti sindikhala m'galimoto. "Bambo, mwadikira mokwanira. Mukwera njinga ya amayi."

Ntchito yanga kuphiriko inali imodzi. Kuwakweza ndi galimoto mpaka pamwamba, kutsika ndi msewu, kuwadikira pansi ndi thaulo ndi fulasiki ya tiyi. Njinga ndimaidziwa yopitira kuntchito. Yotsikira phiri ayi.

Wangoti ndavomera. Amake enieni.

Lolemba, 3 Febuluwale

Ndatsegula chipinda cha katundu. Njinga ili pambedza pomwe amake anaipachika okha asanagonekedwe m'chipatala, komwe sanabwerekonso. Fumbi pachishalo. Matayala onse awiri aphwa.

Pakati pa mano a matayala pali matope ouma, ofiira. A tsiku lomaliza lomwe anakwera. Ndakhudza ndi chala, kachidutswa kagwa. Ndatola. Munthu wamkulu ine, kutola dothi. Kali m'thumba la jekete.

Kamphepo pafoni: matayala amenewo ndi a nthawi youma, ndipo sabata yamawa kuphiri ndi mvula yokhayokha. Achoke. Ndati tiona.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Kushopu ya njinga. Khoma lonse matayala, fungo la mphira. Mwini wake ndi mayi wamfupi, manja akuda ndi girisi, magalasi ali pamphumi. Njingayo anaizindikira ndisanatsegule pakamwa. Anandigwira dzanja, osachulutsa mawu. Ndinawathokoza mumtima.

Anayala matayala atatu patebulo. La mano aafupi othithikana limathamanga pouma, koma m'matope limadzaza n'kusanduka sopo. La mano aatali otalikirana limaluma matope n'kuwalavula, koma pamwala wonyowa limavina. Lachitatu lapakatikati, mphira yofewa, limamata pamizu koma silichedwa kutha. "Tayala la zonse kulibe, achimwene, monganso mwamuna wa zonse kulibe." Ndinaseka. Ndinadabwa kumva mawu anga.

Mtengo wake ndinangokhosomola.

Kenako anazunguza gudumu lakutsogolo la amake Kamphepo, akuyendetsa chala. Mano apakati akadali bwino. A m'mbali atha, ena athothoka. Akuti wamantha amadya pakati, chifukwa njinga yake imakhala chilili, dzanja lili pabuleki. A m'mbali amatha kwa munthu wogonetsa njinga pokhota ali paliwiro. "Mayi awa sankatsika phiri. Ankauluka."

Ndinati ayi, ankatsika pang'onopang'ono, ankandiuza okha. Anatsitsa magalasi, kundiyang'ana.

Ndabwerera nayo njinga osasintha kanthu.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Chakudya chakana kulowa. Zaka zonsezo mawu omwewo: "Musade nkhawa, bambo ake, ine ndimatsika ngati kamba." Ndipo ankafikadi mochedwa, anyamata otsika nawo phirilo atasamba kale m'manja.

Ndaimbira Kamphepo. Poyamba kuseka, kenako kulira. Akuti amake ankasiya anyamata m'mbuyo, iyenso yemwe ankangoona matope akumuthovukira kumaso. "Anandilumbiritsa, bambo. Ankati mukadziwa mubisa makiyi a galimoto."

Ndikanabisadi.

Ndafunsa kuti nanga ankachedwa kuti. Akuti ndikaona ndekha, ndikatsika.

Ndikufuna kukwiya koma zikukanika. Ndikungowaona. Mayi wa imvi, woopa mphemvu, woyendetsa galimoto ngati wanyamula mazira. Atagonetsa njinga pakona, bondo litatsala pang'ono kukhudza pansi. Ndinakhala nawo nyumba imodzi osawaonapo ali choncho. Tayala ndiye linawaona.

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndabwereranso kushopu. Tasankha. Kutsogolo la mano aatali, mphira yofewa. Kumbuyo lapakatikati, koma la mphira yolimbirako, loti buleki izigwira. Mayi aja akuti ndalama zikachepa uziyamba ndi kutsogolo. Kumbuyo kukaterereka umangotukwana, kutsogolo kukaterereka umakalankhula ndi dokotala.

Akale ndachotsa ndekha. Chitsulo chochotsera tayala chinapulumuka kangapo. Sanandilande. Ndinapempha kuti asawatsuke. Anangotenga thumba loyera n'kuikamo, ngati ndi pempho la tsiku ndi tsiku. Anthu ena amadziwa kukhala ndi munthu.

Ndawapachika pambedza paja. Njinga ili pakhonde, ikuoneka yachilendo. Ngati munthu wovala nsapato zobwereka.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Kuphiri. Mvula yowaza, nkhungu. Galimoto yotikweza akuyendetsa wina, ine ndili kumbuyo ndi chisoti kumutu. Sindinadziwe poika manja.

Ndagwa. Phewa lakumanzere, osati kwambiri. Tayala lilibe mlandu. Ndinaona muzu wonyezimira, ndinafinya buleki yakutsogolo, basi ndili m'tchire miyendo m'mwamba. Kamphepo anayamba waona ngati ndili moyo, kenako n'kuseka mpaka kukhala pansi.

Anatsina tayala ndi chala chachikulu, nachotsako mpweya pang'ono kuti lizigwira nthaka. Osayeza ndi chilichonse. "Yang'anani komwe mukufuna kupita, bambo, osati mtengo womwe mukuuopa."

Ndinamuona akutsika patsogolo panga. Sakhala pachishalo. Amaima, zigongono kunja, njinga ikudumphadumpha pansi pake, mutu wake uli phee. Mwana amene ndinkamugwira dzanja powoloka msewu. Anaziphunzira liti? Ndili m'galimoto.

Theka la njira ndinatsika panjinga, ndinakankha mpaka kumsewu. Pansi sindinafike.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Ndafika.

Matope mpaka m'makutu. Pamalo ena ndinasiya buleki, mwangozi ndithu, tayala n'kuluma, njinga n'kukhota yokha. Mumtima munachita myaa. Ndiye ndi zimenezi.

Tisanafike kona yomaliza Kamphepo anaimika dzanja. Kanjira kolowa m'mitengo, mwala wafulati. Ukakhalapo umaona malo oimika magalimoto onse, ndi mtengo uja ndinkaimapo. Wapansi sangakuone.

Apa m'pomwe ankachedwa. Ankafika oyamba, n'kubisa njinga, n'kukhala. Akuti ankandionerera ndikupukuta galasi loyera kale, ndikulawa tiyi ngati wazizira, ndikupindanso thaulo. Ndikayamba kuyenda cha kumene njira imatulukira, manja m'chiuno, ankadzuka. "Tiye, bambo ako ayamba kuvutika." N'kutulukira pang'onopang'ono ngati kamba.

Ine ndinkati ndikuwadikira. Kani ankandidikira ndi iwo.

Tinakhala pamwalapo mvula ikutinyowetsa. Kamphepo anatsamira paphewa lopwetekalo. Sindinamuuze.

Ndinapisa m'thumba kufuna kadothi kaja. Kasungunuka ndi mvula. Thumba lonse lofiira.

Pobwera ndayang'ana tayala langa lakutsogolo. Pakati payamba kale kudyeka. Mano a m'mbali akadali ndi tiubweya ta kufakitale, sanakhudze nthaka. Amake akanaseka.

Mawa akuti mvula ichuluka. Ndamuuza Kamphepo andidzutse, tikwere ndi galimoto yoyamba.